Chaka Chimene Njinga Yamoto Inadya M'nkhokwe Mwanga

Ima kaye, Tiyezge, bwerezanso zimene wanenazo. Aphunzitsi anu akuti chiyani? Kuti kumayiko akunja amapanga mafuta a galimoto kuchokera ku chimanga, ndiye kuno nafenso tiyambe? Ha! Mwana iwe, m'mudzi monse muno iwe ndiwe womaliza woti ungatsegule pakamwa pa nkhani imeneyo. Khalani pansi nonse, koma manja asaime, chimangachi sichidzitonola chokha. Iwe Vitumbiko, zitsononkho uziponya uko, osati pamapazi anga. Zothira chimanga mu injinizi musazione ngati zachilendo. Zinachitika pabwalo pompano, ndipo anaziyamba ndi malemu amuna anga, asekuru anu aShaba.

Paja ine kwathu ndi ku Kasungu, n'chifukwa chake Chitumbuka changa mumachiseka mpaka lero. Nditangokwatiwa n'kufika kuno kufupi ndi Embangweni, apongozi anga anandigwira dzanja n'kukandiimika pa nkhokwe. Anati, "NyaPhiri, iyi ndi yako. Mwamuna amaluka nkhokwe, amaifolera, koma sakweramo. Chimanga chikatha chatsopano chisanache, anthu adzaseka iwe, osati iye." Inu a masiku ano chimanga mumachithira mankhwala, kuchisokera m'matumba, n'kumagona nacho kuchipinda ngati mwana wodwala. Ife chinkakhala panja ndi makoko ake, ndipo palibe ankachikhudza. Mwamuna akapezeka mutu uli m'nkhokwe, amayi ankamuimba pamtondo mpaka manyazi amugwire.

Asekuru anu anagwira ntchito yophika ku Joni zaka zambiri. Kumeneko anabwerako ndi chijasi, wailesi, bondo lopweteka, ndi nsapato zina zolemera zokhala ndi mano kunsi ngati tayala la thirakitala. Anali mkulu wa mpingo, munthu woti mowa sanaulawepo, ngakhale thobwa likagona ankayamba alinunkhiza. Chaka china fodya atayenda bwino anagula njinga yamoto yofiira, akuti bondo lija liziwalola kukalalikira kumidzi yakutali. Musaganize za njinga za kabaza zimene zadzaza pamsewu lerozi. Nthawi imeneyo kuno inali yokhayo, ndipo ikamadutsa ana ankasiya mbuzi m'minda ya anthu.

Njinga imeneyo inkasamba m'mawa uliwonse, ine ndisanasambe. Inkagona pabalaza itafunda chitenje changa cha chigwirizano cha amayi a kumpingo. Ine ndinakwerapo kamodzi kokha. Tinagwera mumchenga wa padambo, ine kwanga, iwo kwawo, ndipo aShaba atadzuka anathamangira kukadzutsa njinga. Ine ndinadzuka ndekha.

Ndiye kunabwera chaka chija mafuta anasowa dziko lonse. Ku Mzimba boma anthu ankatandala pa mzere ndi zigubu, kubwerako chimanjamanja. Njinga inangoti zii pabalaza. Asekuru anu ankakhala pambali pake dzanja lili patsaya, wailesi ili pakhutu. Iwe Tiyezge unali ndi ife, amayi ako atakusiya kuno pokafuna ntchito ku Lilongwe. Unali kamwana koti mano akumwamba sanayambe kuguluka, koma kudya kwake ngati munthu wolima.

Tsiku lina ndikupeta ufa ndinangomva, "NyaPhiri! Wamva? Azungu akuyendetsa magalimoto ndi chimanga!"

Ndinati, "Azunguwo adya kale?"

"Adya."

"Ndiye tiyeni nafe tidye kaye."

Koma munthu akabwerako ku Joni samva za mkazi wa ku Kasungu. Anandikhazika pansi n'kundifotokozera kuti mafuta amene wailesi ikunenawo si china ayi, ndi mowa wolusa kwambiri, woti ukayatsa machesi umayaka. Ndinati, "Ameneyo kwathu timati kachasu." Anayang'ana uku ndi uku ngati abusa abisala kuseri kwa chitseko. Anati, "Yayi, NyaPhiri, kachasu ndi wakumwa. Uyu ndi wa sayansi."

Chaka chimenecho tinakolola mwapakatikati. Nkhokwe sinafike pakamwa, koma ndinkadziwa kuti tikamadya mosamala tifika nayo ku chimanga chachiwisi. Anandichonderera, "ndapota, ndapota," mpaka ndinakwera n'kuwatapira dengu limodzi. Ndinati mwina akaona okha kuti n'zosatheka andisiya.

Ananyamula dengu lija kupita nalo kutsidya kwa dambo kwa NyaZimba, mayi wotcheza kachasu amene aShaba anali atamulalikirapo kambirimbiri kuti asiye. NyaZimba anadzandiuza yekha pachitsime kuti ataona mkulu wa mpingo akulowa pakhomo pake anayamba kubisa mabotolo m'zitsamba. Atamva chimene abwerera anakhala pansi n'kuseka mpaka kutsokomola. Anawauza kuti kachasu amapangira gaga ndi shuga, koma asekuru anu anakana. Shuga naye anali wosowa, komanso akuti njinga yawo si nkhumba yoti idye gaga. Ankafuna chimera ndi ufa wa chimanga chenicheni.

Tsono mverani apa, poti inu mumangodziwa zogula m'sitolo. Potcheza kachasu amaika phala lowola la chimera ndi ufa mumgolo pamoto, nthunzi n'kumadutsa mupaipi yoviikidwa m'madzi ozizira, kenako n'kumadontha kumapeto. Woyamba kudontha amati mutu. Ndi yekhayo amene amayaka. Wotsatira amakhala ndi madzi ambiri, njinga singamulandire. Ndiye dengu langa lonse lija linabala kabotolo kamodzi ka mutu. Wotsalayo aShaba sakanamwa, sakanagulitsa, choncho anamusiyira NyaZimba. Sabata imeneyo amuna a m'mudzi muno ankayenda akupepesa mitengo.

Tsiku loyesa anthu anadzaza pabwalo pano. Asekuru anu anavala chijasi, dzuwa lili pamutu. Anathira kabotolo kaja pamwamba pa timafuta timene tinatsalira pansi pa thanki, n'kuponda. Njinga inatsokomola. Anapondanso, inayetsemula, nkhuku zonse n'kuthawira kumunda. Ulendo wina inangolira, kulira kwa munthu wachimfine, koma kulira ndithu. Amayi anaimba nthungululu. Ine ndinadziwa pomwepo kuti nkhokwe yanga yapeza mdani.

Lamulungu lotsatira anapita nayo kutchalitchi. Ana inu, fungo! Njinga ija inkatulutsa utsi wonunkha ngati pakhomo pa NyaZimba. Anaiimika pafupi ndi zenera, ndipo tili mkati mwa nyimbo yoyamba ndinaona abusa akukweza mphuno. Amayi anzanga anayamba kugwedezana ndi zigongono. Titaweruka akuluakulu a mpingo anawaitanira kuchipinda. Ine ndinali panja, koma asekuru anu mawu awo ankamveka ngakhale kudambo. Ndinamva akuti, "Abusa, ine sindimwa. Imamwa ndi njinga." Kenako abusa anati popeza njinga si Mkhristu sangaidule mumpingo, koma kuyambira tsiku limenelo iziima kutali, kuseri kwa mabulugamu. Ndipo kuseri kwa mabulugamu kuja kunayamba kupezeka amuna ena amene chibadwire sanapondepo kutchalitchi.

Atabwera kudzapempha dengu lachiwiri ndinakana. Dengu lachitatu sanapemphe n'komwe, anangoti, "Yewo, NyaPhiri, ndamva." Ndinadabwa kuti munthu wamakani ngati ameneyu wagonja msanga bwanji, koma ndinathokoza Mulungu. Njinga inapitiriza kuyenda, iwo n'kumati pali mnzawo wa ku Jenda amene akuwagawira mafuta.

Mwezi wotentha uja, mitengo itayamba kuphuka, ndinaona kuti chimanga chikutsika mwachilendo. Ndikakwera kukatapa, dzanja linkalowa mpaka phewa. Posakhalitsa ndinayamba kulowamo ndi mutu womwe, miyendo ili m'mwamba, pa msinkhu wanga uno. Ndinanamizira makoswe, n'kukabwereka mphaka. Ndinanamizira mbuzi za eni ake mpaka tinasiya kupatsana moni ndi mnansi wanga. Ndinafika poganiza kuti pali wokhwima wina amene akukoka chimanga changa ndi mankhwala. Nditawauza asekuru anu anapukusa mutu mwachisoni n'kunena kuti dziko laipa, tiyeni tipemphere. Ndipo anapempheradi, pemphero lalitali, lotchula akuba ndi mayina a m'Baibulo.

Madzulo ena ndinatenga phulusa n'kuwaza mozungulira nkhokwe yonse. Kutacha ndinapita kukaona. Panalibe phazi la khoswe, panalibe la mbuzi. Panali mano a thirakitala, kuchokera pakhomo la nyumba yanga, kuzungulira kuseri kwa nkhokwe, n'kubwerera. Kuseriko munthu anali atasolola nsungwi zingapo m'munsi, n'kupanga kabowo kolowa dzanja, n'kutsekapo ndi chisanza. Mwaona nzeru zake? Mwambo umati mwamuna sakwera m'nkhokwe. Iwo sanakwere. Ankakama pansi ngati ng'ombe.

Ndinakwiya, ana inu. Koma kukalipira mwamuna wa Chingoni pamaso n'kutaya malovu. Ndinamanga mpango wanga n'kupita kwa mlongo wawo wamkulu, NyaShaba, amene atate anu ankawatcha ankhazi, kapena kuti azakhali. Mayi ameneyo anali wamfupi, wofwenkha fodya, ndipo akatsokomola ngakhale ng'ombe zinkaima. Ndinagwada n'kunena kuti, "Alamu, ndabwera kudzakuuzani kuti alongo anu atenga mkazi wachiwiri."

Anaika kabotolo ka fodya pansi. "Wa kwa yani?"

"Wofiira. Amagona pabalaza, amafunda chitenje changa, ndipo akudya m'nkhokwe mwanga."

NyaShaba sanaseke. Anaimirira n'kunena kuti, "Tiye."

Anaitanitsa asekuru anu ndi amuna ena a pabanja pafupi ndi khola, n'kulamula kuti njinga nayo ibwere, poti mlandu sazenga mwini wake palibe. Anaikankha mpaka pakati pa bwalo. NyaShaba anafunsa, "Iwe, atate athu anali ndi akazi angati?"

"Atatu."

"Nkhokwe zinali zingati?"

Asekuru anu anayang'ana pansi. "Zitatu."

"Unamvapo kuti mkazi wamng'ono watapa m'nkhokwe ya mkazi wamkulu?"

"Alongosi, iyi ndi njinga."

"Ikudya kapena siikudya?"

"Ikudya, kweni..."

"Mbwenu ndi mkazi. Umupatse munda wake, umulimire, umulukire nkhokwe yake. Ya NyaPhiri usaiyandikirenso."

Amuna aja ankaluma milomo kuti asaseke. Mmodzi anafunsa kuti malobolo ake anapereka ng'ombe zingati, ndipo pamenepo onse anaphulika. Koma chigamulo chinali chigamulo. Mvula itagwa asekuru anu, ndi bondo lawolo, anakaswa mphanje kuseri kwa chulu n'kubzala chimanga. Malo aja mumawatcha kumunda wa njinga, kumene mumakatola mango, dzina lake linachokera pamenepo. Anthu odutsa ankawafunsa, "Ali bwanji amama aang'ono?" Iwo ankangoweramira khasu.

Ine ndinapambana mlandu, koma nkhokwe sinamve za chigamulocho. Chimene chinapita chinali chitapita. Khirisimasi tinadya bwino pang'ono. Chaka chatsopano chitalowa ndinayamba kusesa pansi pa nkhokwe ndi manja, kutola ndi njere zofumbwa zomwe. Inu mukati njala mumanena tsiku limene tiyi alibe mkaka. Njala ya mwezi wa Febuluwale ndi ina. Kunja kuli kobiriwira, chimanga chili m'munda chikukupatsa moni, koma sichinakhwime. Tinkadya kamodzi, dzuwa likapendeka. Gaga amene njinga inamukana uja tinkamufunafuna kuchigayo ngati ndi mpunga. Masiku ena kunali nkhwani wokha wothira mchere. Ine ndinkachita manyazi kupita pachitsime, chifukwa mawu a apongozi anga aja anakwana. Anthu sankati aShaba anawononga chimanga. Ankati NyaPhiri sadziwa kusunga.

Ndiye kunamveka mphekesera yoti ku Mzimba boma kwafika chimanga chotsika mtengo. Wapansi sakanafika chisanathe. Asekuru anu anayang'ana njinga, njinga inawayang'ana. Osandiuza ine, anakafukula kachimanga kamene anabisa kale kudenga la chigafa cha fodya mlandu usanachitike, n'kukonza phala lawo lija m'ndowa, kuti likawira akatchezetse kabotolo kamodzi kowafikitsa ku boma. Mwamva bwino? Kuwononga chimanga kuti apeze mafuta okafunira chimanga. Mutu wa asekuru anu unali wotero. Mtima unali wabwino, koma nzeru zake zinkayenda chobwerera.

Ndowa ija anaibisa m'chigafa n'kuvundikira ndi chiguduli. Anaiwala kuti pakhomo pali mphuno ina yoposa ya abusa.

Masana ena ndikusadzula nkhwani pakhonde ndinamva nyimbo ya kutchalitchi ikuchokera kuchigafa, yoimbidwa mokweza koma mawu ake osalongosoka. Ndikuti ndione, ndi iwe Tiyezge. Usabise nkhope, anzako akuone. Unkabwera ukuyenda chammbali ngati nkhanu, phala lili kukamwa, lili m'tsitsi, lili pamimba. Unaima pamaso pa tambala n'kumupatsa moni wa Chitumbuka mwaulemu wonse. Kenako unagwa chagada, n'kudzuka, n'kuuza asekuru ako kuti iwo ndi munthu wabwino chomene koma nsapato zawo ndi zonyansa. Ine ndinaseka, sindikubisirani. Asekuru ako anaseka mpaka kugwira bondo.

Kenako unabwera n'kudzakhala pamiyendo panga. Unasisita kamimba kako n'kunena kuti, "Agogo, lero ndakhuta."

Kuseka kunathera pomwepo. Mawu amenewo unali usanawanene kwa masabata. Ndinanunkhiza m'kamwa mwako n'kudziwa chimene wadya. Unaona ngati thobwa, mwana wanga, unakumba ndi manja onse awiri. Pang'ono pang'ono mutu unalemera, maso anatembenuka, ndipo tikakuitana sunkayankha. Ndinachita mantha amene sindinachitepo chibadwire. Ndinakuthira madzi, ndinakugwedeza, ndinakuberekera kumsana ndikuzungulira bwalo ngati wamisala, ndikuganiza kuti amayi ako ndikawauza chiyani. Asekuru ako anathamanga, munthu wa bondo uja, kukaitana NyaZimba poti ndiye ankadziwa za oledzera. Iye anakugoneka chammbali, unasanza, ndipo dzuwa likulowa unatsegula maso n'kupempha madzi.

Asekuru ako ine sindinawakalipire. Anapita kuchigafa, anatenga ndowa ija n'kukaikhuthula kudzala.

M'mawa mwake ndinamva chitseko cha pabalaza chikutseguka. Anatulutsa njinga, anachotsa chitenje changa, anachipinda bwinobwino n'kundipatsa m'manja. Sanaisambitse. Anaigwira zogwirira n'kuyamba kuikankha kulowera ku Embangweni, akutsimphina, m'matope. Anthu a m'njira amene ankakonda kuwafunsa za amama aang'ono tsiku limenelo anangowapatsa moni wamba.

Anabwera dzuwa litapendeka, akuyenda pambuyo pa ngolo ya eni ake, nsapato za ku Joni zili m'manja poti mapazi anali atatupa. Pangolopo panali matumba a chimanga. Sanali ambiri. Nthawi ya njala chimanga ndiye mfumu, ndipo njinga yopanda mafuta, yonunkha kachasu, mwini chigayo amene anaitenga posinthana ndi chimangacho anachita ngati akuwachitira chifundo. Anatsitsa matumba aja pakhonde n'kunena kuti, "NyaPhiri, chimanga chako." Ndinati, "Yewo, Shaba." Mumtima ndinawamvera chisoni kwambiri, chifukwa ndinadziwa kuti kumidzi yakutali kuja sadzakafikakonso.

Iwe unatuluka m'nyumba n'kufunsa kuti, "Asekuru, njinga ili kuti?"

Analoza matumba aja. "Ndi iyo. Agogo ako akaisinja, uidye."

Ndinathamangira kuchigayo ndi ndowa imodzi, ndipo ndinaphika kusanade. Tsono inu mukudziwa kuti amuna akuno amadyera kwaokha, uko kufupi ndi khola. Pa zaka zonse za ukwati wathu asekuru anu anali asanakhalepo pamphasa imodzi ndi akazi kapena ana pa nthawi ya chakudya. Ndinawapakulira mbale yawo n'kunyamuka kuti ndikawapatse kumeneko, koma ndinawapeza ataima pakhomo la khitchini. Analandira mbale ija, anapinda bondo lawo lopweteka pang'onopang'ono, n'kukhala pansi pamphasa pafupi ndi iwe. Anasamba m'manja, koma sanadye. Ankangokuyang'ana ukutema mbamu ndi kadzanja kako, ukumeza, ukutemanso. Utamaliza yako anakankhira mbale yawo kwa iwe.

Ndinati, "AShaba, mwayenda tsiku lonse, idyani."

Anati, "Musiye, NyaPhiri. Ndikufuna ndimve akunenanso kuti wakhuta."